Za funso la dayisi lija

Halo mphwanga, ndi malume ako, pepa ndachedwa kuyankha. Chithunzi cha funso lako la probability chija, lofunsa mwayi woti dayisi igwe nambala ya even (yogawika ndi 2) kapena yoposa 3, ndinachiona m'mawa koma kuntchito kuno foni satilola kugwira, ndiye ndangoweruka kumene, ndati ndingojambula mawu chifukwa kulemba ma fraction pa foni ndi chintchito china.

Yankho lako la 6/6 lija lalakwika, koma walakwa pamalo amodzi okha basi. Tiye tiyambe ndi chophweka. Dayisi ili ndi mbali 6 eti. Akakufunsa mwayi woti igwe 2 kapena 5, apo palibe nkhani, chifukwa dayisi singagwe 2 ndi 5 nthawi imodzi, ikagwa 2 ndiye kuti 5 zake zada. Zimenezi ndi zija m'buku mwako akuti mutually exclusive, zinthu zoti sizingachitikire limodzi. Apa ungophatikiza 1/6 ndi 1/6, upeza 2/6, ukachepetsa ndi 1/3, watha.

Tsono funso lako likuti nambala ya even kapena nambala yoposa 3. Ma even ndi 2, 4, 6. Zoposa 3 ndi 4, 5, 6. Iwe wangoti 3/6 kuphatikiza 3/6 n'kulemba 6/6, koma taganiza kaye, 6/6 ndi 1, ndipo 1 pa probability amatanthauza kuti chinthucho chichitika ndithu zivute zitani. Nanga dayisi singagwe 1? Singagwe 3? Ikagwa 3 si even komanso siyoposa 3, ndiye waona kuti penapake pali chinyengo. Chinyengocho ndi 4 ndi 6, ali mbali zonse ziwiri ndiye iwe wawawerenga kawiri, ngati kuwerenga munthu mmodzi kawiri chifukwa dzina lake lili m'kaundula muwiri. Chotsa 2/6 pa 6/6 paja, zitsala 4/6, yomwe ndi 2/3. Werenga ndi zala ngati ukukayika, 2, 4, 5, 6, manambala anayi basi.

Ndiye lamulo lake ndi limodzi, mwayi wa A kuphatikiza mwayi wa B kuchotsa mwayi woti zonse ziwiri zichitike limodzi. Ine sindiona chifukwa choloweza malamulo awiri ngati mmene mabuku ena amalembera, chifukwa zikakhala zosachitikira limodzi chochotsacho chimangokhala 0.

Makadi nawo amawakonda pamayeso. Onse alipo 52, ma K alipo 4, a mtima alipo 13. Akati K kapena wa mtima, wothamanga alemba 17/52, kuyiwala kuti pali kadi imodzi yomwe ndi K komanso ndi ya mtima. Yankho ndi 16/52, kapena kuti 4/13.

Ukasokonezeka jambula mizere iwiri yozungulira yolowana ija, Venn diagram, anaitulutsa John Venn mu 1880 koma mpaka lero imapulumutsa anthu. Uziyamba kulemba za pakati pomwe yalowanapo, kenako za m'mbali, osayamba m'mbali ayi, ndi pomwe anthu amagwera.

Chinanso, usasakanize ndi independent events, zinthu zoti kuchitika kwa chimodzi sikusintha mwayi wa chinzake. Ukaponya ndalama ndi dayisi n'kufuna mutu komanso 6, apo ndi kuchulukitsa, 1/2 ndi 1/6 ikupatsa 1/12. Uziyang'ana mawu a funso, akunena kuti kapena, kaya akunena kuti komanso.

Tayesa ili unditumizire mawa: kadi yofiira kapena Q. Ofiira alipo 26, ma Q alipo 4, ndiye udzifunse kuti ma Q ofiira ndi angati. Usandifunse yankho, ndikufuna ndione mmene wawerengera osati nambala yokha. Basi yanga yafika, upereke moni kwa amayi ako, uwauze ndiwayimbira Lamlungu.