Mwana asatumidwe kunyumba kwa mphunzitsi: zimene tikuyembekezera kwa ogwira ntchito pasukulu ya pulayimale

Bambo wapampando, aphunzitsi athu, amayi ndi abambo, zikomo kuti mwasiya ntchito zanu n'kubwera. Nonse mwamva zimene zachitika pasukulu yoyandikana nafe. Sinditchula dzina la sukuluyo kapena la mwanayo, ndipo inunso musamalitchule, chifukwa mwanayo akufunika kukhalabe pakati pa anthu popanda kumuloza chala. Mtsikana wa Sitandade 7 ankatumidwa ndi mphunzitsi wake kuti akaweruka azikasiya makope kunyumba kwa mphunzitsiyo. Poyamba ankapita ndi anzake awiri, kenaka anayamba kupita yekha. Anthu ambiri ankamuona akudutsa atasenza mulu wa makope, koma palibe amene anafunsa kanthu. Lero mwanayo wasiya sukulu ali woyembekezera, ndipo nkhaniyi ili m'manja mwa apolisi.

Ine ndinaphunzitsa zaka zambiri ndisanapume, ndipo chimene ndikufuna mutenge pano n'chimodzi: mwana asatumidwe kunyumba kwa mphunzitsi, ndipo wamkulu aliyense wa pasukulu asakhale ndi mwana awiriwiri chitseko chili chotseka. Ndikati wamkulu sindikunena aphunzitsi okha ayi. Ndikunena mlonda, wosesa, wophunzitsa masewera, wophunzira uphunzitsi amene wabwera kudzayeserera, ngakhalenso mphunzitsi wamkulu.

Chifukwa chake n'chakuti mphunzitsi ndi mwana sangafanane mphamvu. Mphunzitsi ndiye amachonga mayeso, amalemba kaundula, amapereka chilango, ndipo mawu ake amalemera kuposa a mwana pamaso pa makolo. Mwana amene taphunzitsa kuyambira ali wamng'ono kuti wamkulu sayankhidwa, angakane bwanji akauzidwa kuti atsale anzake akamapita? Pangano la Ufulu wa Ana, limene bungwe la United Nations linavomereza pa 20 Novembala 1989, limanena mu Ndime 1 kuti mwana ndi munthu amene sanakwanitse zaka 18, ndipo Ndime 19 imalamula kuti mwana atetezedwe ku nkhanza za mtundu uliwonse, kuphatikizapo kugwiriridwa, pamene ali m'manja mwa makolo kapena wina aliyense womusamalira. Mphunzitsi ali m'gulu la omusamalirawo. Choncho mawu akuti “anagwirizana okha” asamveke pakamwa pathu, chifukwa pamenepa palibe chibwenzi, pali wamkulu amene wagwiritsa ntchito udindo wake molakwika.

Zinthu zoterezi siziyamba tsiku limodzi. Zimayamba ndi cholembera chopatsidwa mobisa, malikisi owonjezera, mawu oyamikira maonekedwe a mwana, kenaka uthenga wa pa WhatsApp usiku, kenaka chinsinsi chakuti asauze amayi ake. Mphunzitsi wolongosoka akafuna kuthandiza mwana wosowa, amadutsira kwa mphunzitsi wamkulu kapena kwa makolo, poyera. Akafuna kunena za homuweki pa foni, amaimbira kholo, osati mwana. Ndipo tisaiwale kuti anyamatanso amachitidwa zomwezi, kungoti iwo amabisa kwambiri chifukwa cha manyazi.

Apa ndikudzudzuleni pang'ono, makolo anzanga. Ena a inu mumanyadira mwana wanu akamatumidwa kukasesa kapena kukachapa kunyumba kwa aphunzitsi, mumati akukondedwa. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinali ndi mnzanga amene ankatulutsa ana m'kalasi nthawi ya masamu kuti akamugwirire ntchito zapakhomo. Ndinkaona, koma ndinakhala chete poopa kudana naye, ndipo mwana wina wanzeru kwambiri analephera mayeso chaka chimenecho chifukwa theka la maphunziro linamudutsa. Mpaka lero zimandipweteka. Ngakhale pasachitike choipa china chilichonse, nthawi ya mwanayo yabedwa kale. Mwana asatumidwe kunyumba kwa mphunzitsi.

Nkhani ya chikwapu ndikudziwa kuti imagawanitsa anthu, pakuti ambiri a ife tinakula nacho. Koma Ndime 28 ya pangano lomwe lija imanena kuti mwambo wa pasukulu uzisungidwa m'njira yolemekeza ulemu wa mwana monga munthu, ndipo pangano la mayiko a mu Africa la ufulu ndi chisamaliro cha ana, la m'chaka cha 1990, limanenanso chimodzimodzi. Dziko la Sweden linaletsa kumenya ana ngakhale pakhomo m'chaka cha 1979, ndipo mayiko ambiri atsatira. Mwana womenyedwa chifukwa chophonya samu amaphunzira kubisa kope lake, saphunzira samuyo. Kumugwaditsa padzuwa, kumutcha mbuli pamaso pa anzake, kuseka chibwibwi chake kapena ulumali wake, zonsezi ndi nkhanza ngakhale kuti sizisiya chipsera pakhungu.

Zina ndingozitchula, chifukwa mukuzidziwa. Mphunzitsi afike nthawi yabwino atakonzekera phunziro, asalowe m'kalasi akununkha mowa, asasiye ana aang'ono okha, asagulitse zinthu kwa ana ake a m'kalasi, asalandire kanthu kuti akhozetse mwana, ndipo asaulule mayeso. Asungenso chinsinsi. Akadziwa kuti mwana amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kapena kuti kwawo banja likutha, imeneyo si nkhani yocheza ndi anzake, ndiponso chithunzi cha mwana wa eni sachiika pa Facebook popanda chilolezo cha makolo.

[Mphunzitsi wina akukweza dzanja n'kufunsa kuti: “Mayi, nanga mwana akandinamizira chifukwa ndinamudzudzula, ine anditeteza ndani? Mbiri yanga ikaipa sibwereranso.”]

Zikomo aphunzitsi, mwafunsa bwino, ndipo ndikudziwa kuti anzanu ambiri funso limeneli lili mumtima. Sindikukana kuti kunamiziridwa kumachitika, ndipo kumawawa. Koma taonani, lamulo limene ndakhala ndikubwerezali likuteteza inu chimodzimodzi ndi mwanayo. Ngati nthawi zonse mumalankhula ndi mwana chitseko chili chotsegula, kapena panja pamene anthu akukuonani, ngati makope mumanyamula nokha, ngati mu foni mwanu mulibe nambala ya mwana aliyense, wokunamizirani ayambira pati? Mboni zanu zidzakhala sukulu yonse. Amene amavutika kudziyeretsa ndi uja amene anazolowera kutsala ndi mwana m'kalasi anthu onse atapita, ngakhale kuti mwina analibe cholinga choipa. Mwana akafunika thandizo lapadera pa kuwerenga, mutengeni pamodzi ndi anzake awiri kapena atatu, ndipo mphunzitsi wamkulu adziwe nthawi ndi malo.

Chachiwiri, inunso muli ndi ufulu, ndipo unalembedwa. Pa 5 Okutobala 1966, mabungwe a United Nations oona za maphunziro (UNESCO) ndi za ntchito (ILO) anakhazikitsa mfundo zokhudza ntchito ya uphunzitsi, ndipo n'chifukwa chake tsiku la aphunzitsi padziko lonse limakumbukiridwa pa 5 Okutobala. Mfundozo zimati mphunzitsi akaimbidwa mlandu wa pantchito auzidwe mlanduwo m'kalata, aone umboni, apatsidwe nthawi yokwanira yodziteteza, auzidwe chigamulo m'kalata, ndiponso akhale ndi mwayi wochita apilo. Zimatinso mabungwe a aphunzitsi akhale ndi malamulo awoawo a khalidwe, chifukwa ulemu wa ntchitoyi umasungidwa ndi eni ake. Choncho ife makolo sitiyenera kuthamangira kunyumba kwa mphunzitsi ndi miyala. Tikatero timawononga umboni, timaopseza mwanayo, ndipo mwina timavulaza munthu wosalakwa. Koma inunso aphunzitsi, musatipemphe kuti tizikayikira mwana aliyense amene walankhula pofuna kuteteza mbiri yanu. Mwana amalimba mtima kwambiri kuti anene zoterezi, ndipo akangoona kuti sitikumukhulupirira sadzanenanso. Ntchito yathu ndi kumumvetsera ndi kukanena, ndipo kufufuza n'kwa amene anaphunzira kufufuza. Mukaonanso mnzanu akuyamba kuzolowera mwana mmodzi, musachite zimene ndinachita ine. Muuzeni, ndipo akapitiriza kauzeni mphunzitsi wamkulu, chifukwa akagwa iyeyo anthu adzanena kuti aphunzitsi onse ndi otero. Ndakuyankhani, aphunzitsi? Zikomo.

Ndikuona kumbuyoko ena ayamba kuimirira, choncho ndifulumire. Mwana akakuuzani kanthu, khalani pansi, mumvetsereni, musamukalipire ndipo musamufunse kuti n'chifukwa chiyani anapitako. Musamulonjeze kuti simuuza munthu, koma muuzeni kuti muuza okhawo amene angamuthandize. Lembani zimene wanena m'mawu ake omwe, ndi tsiku lake. Ngati wagwiriridwa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kanenenso kupolisi. Nkhani yotere saikambirana pakhomo, ndipo musalandire ndalama kapena lonjezo la ukwati kuti ithe. Ngati ndi nkhani ya chikwapu, kuledzera kapena kujomba, yambirani kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo ngati wolakwayo ndi iyeyo, pitani ku komiti ya sukulu kapena kwa mlangizi wa maphunziro. Mukasowa poyambira, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ndipo madzulo ano muwauze ana anu kuti akatumidwa kunyumba kwa mphunzitsi ali ndi ufulu wokana, abwere adzakuuzeni.

Amayi amene mwavomera kumayendera sukulu masana ana akamaweruka, tsalani pang'ono tilembe mayina ndi masiku anu. Bambo wapampando, ndabweza nthawi kwa inu.