Zakudya zomwe zatikomera mu Lilongwe chaka chino, ndi bodza la mafuta a pachiwaya

Moni nonse, takulandirani. Chaka chikutha, ndiye tiyeni tikumbukire zakudya zomwe zatikomera muno mu Lilongwe, ndi chomwe chimazikometsa, kuti mukaphike nokha kunyumba. Amene simunadine subscribe, dinani pompano tizipita.

Choyamba, mwachangu: ngumbi ndi bowa za m'dzinja. Ngumbi muzikazinge pamoto wochepa ndi mchere pang'ono, osathira mafuta, zili nawo kale. Bowa gulani kwa amayi odziwa mitundu yake. Wosaudziwa musazule, wina umapha.

Chachiwiri, nkhuku yachikuda ndi mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, chakudya cha pachinkhoswe ndi paukwati. Nkhuku imeneyi imafuna moto wodekha, pafupifupi maola 2, tomato muthire itafewa kale. Mukaithamangitsa ndi moto waukulu, msuzi umaphwa nyama ikadali gwa. Mpunga: kapu 1, madzi makapu 2, vundikirani, musavundule.

Chachitatu, ndipo apa khalani pansi: chipisi cha pachiwaya. Ku Kawale, ku Area 25, ku Biwi, pa depoti, anthu amanena chinthu chimodzi, eti chipisi chimakoma chifukwa cha mafuta akuda aja, ophikira masiku ambiri. Abale, limeneli ndi bodza, ndipo limatikwiyitsa chifukwa ena afika posunga mafuta oipa kunyumba dala!

Tikuuzeni komwe linachokera. Mafuta omwe akazingirapo kamodzi kapena kawiri amafiiritsa chipisi bwino kuposa ongotsegula kumene, zimenezo n'zoona. Koma akada bii, akuchita thovu, akufuka utsi moto usanakule, ndiye kuti aonongeka. Amalowerera mu mbatata, chipisi chimatuluka cholefuka ndi chowawira kukhosi, ndipo m'thupi sachita zabwino.

Nanga chinsinsi chili pati? Taimani pambali pa chiwaya muone manja a mwini wake. Amakazinga kawiri. Koyamba amangoti mbatata ipse m'kati, n'kuikokera m'mphepete mwa chiwaya kuti ikhe mafuta ndi kuzizirako. Inu mukafika n'kuloza, amaikankhiranso pakati, pomwe mafuta atentha kwambiri. Kukhukuta kuja kumachokera pamenepo.

Kunyumba chitani chonchi. Gulani kachewere wokhwima wa ku Dedza kapena ku Ntcheu. Wanthete, wosupuka khungu ndi chala, ali ndi madzi ambiri ndipo sakhukuta. Dulani mofanana, kukula ngati chala. Viikani m'madzi ozizira mphindi 20 kuti choyera chotuluka mu kachewere chichoke, ndi chimene chimamatitsa chipisi. Kenako pukutani ndi kansalu kaukhondo mpaka chiume. Ambiri amadumpha pamenepa, ndiye mafuta amathetheka ndi kuzizira nthawi yomweyo. Kazingani pamoto wapakati mphindi 6 mpaka 8, chifewe koma chisafiire. Chotsani, chikhale mphindi 10. Sonkhezerani moto, ponyamoni kachidutswa kamodzi. Kakayandama msanga kakuwira, bwezeranimo chonse mphindi 2 kapena 3. Musadzaze poto, kazingani pang'onopang'ono. Mchere uthireni mutaphula, chifukwa ukagwera m'mafuta umawaononga msanga. Pambali kabichi wodula mopyapyala, tomato, viniga, ndi kambuzi kwa amene mumalimba.

Mafuta otsala asefeni akazizira, muike m'botolo lotseka. Akayamba kuda ndi kununkha, tayani, musamve chisoni. Kanemayu mutumizireni pa WhatsApp mnzanu uja amakakamira za mafuta akuda, amve yekha.

Chachinayi, mang'ina, nthawi yatithera: wawulani ubweya, palani, tsukani, wiritsani pambaula maola 4 kapena kuposa, mukuonjezera madzi otentha, osati ozizira. Msuzi ukayamba kumata milomo, apsa.

Tilembereni m'munsimu dera lomwe kuli chiwaya chabwino kuposa zonse, a ku Mchesi musachite manyazi. Sabata yamawa tikambirana za kanyenya wa mbuzi, ndiye dinani kabelu kaja musaphonye.