Mavuto akagwa, thandizo la boma pa geni amalandira ndani?

Zikomo amfumu, zikomo a khansala, amayi ndi abambo nonse amene mwafunditsa mabenchi anu n'kubwera kuno. Ena mwasiyira ana kuti akugulitsireni, ndiye sindikuchedwetsani.

Mwandiitana chifukwa cha dandaulo limene limamveka m'misika yonse, ku Limbe, ku Ndirande, ku Bangwe: "Pa wailesi akuti boma likuthandiza a mabizinesi ang'onoang'ono, koma ife sitinaoneko olo tambala." N'zoona, ambiri simunaoneko. Kukondera kulipo, sindingakane. Koma ochuluka amatsala pa chifukwa china: boma likamafufuza wochita geni limayang'ana pa pepala, ndipo pa pepalapo inu mulibe.

Tikumbutsane za korona. Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo pa 2 Epulo odwala oyamba anapezeka. Boma linafuna kutseka dziko masiku 21, mavenda anatuluka m'misewu, khoti linaletsa. Kenaka kunalengezedwa K35,000 pa mwezi kwa mabanja a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Chiwerengerocho sanangochilota, anatengera malipiro otsikitsitsa a wantchito pa nthawiyo. Ndalamazo zinachedwa, anthu anadzazilandira mu 2021, kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba.

Tsono mvetsetsani apa. Ndalama imeneyo inali ya banja, osati ya benchi. Boma linayamba lasankha madera a anthu opeza movutikira, kenaka olemba mayina anayenda khomo ndi khomo. Iwo amafuna mwini nyumba, chiphaso cha unzika, ndi nambala ya foni. Mayi amene anadzuka 4 koloko kukapikula tomato, n'kubwera dzuwa litalowa, olembawo anapeza loko pa chitseko. Wina analembedwa bwinobwino, koma simu khadi yake inalembetsedwa pa chiphaso cha mlamu wake. Dzina la pa chiphaso lina, la pa foni lina. Kompyuta ilibe chisoni, simva zoti "ndi mlamu wanga yemweyo". Ndiye lero lomwe, mukafika kunyumba, tumizani ndalama pang'ono ku nambala yanu kuchokera pa foni ya mnzanu, muone dzina limene litulukire. Likatuluka la munthu wina, pitani ku ofesi ya kampani ya foniyo ndi chiphaso chanu mukakonze. Osadikira namondwe.

Thandizo lina la chaka chomwecho ambiri simunalimve n'komwe. Reserve Bank inagwirizana ndi mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama kuti a mabizinesi ang'onoang'ono apume kubweza ngongole kwa miyezi itatu. Koma anapuma ndani? Amene ngongole yake inali ku banki kapena ku bungwe lovomerezeka, ndipo anapita yekha kukapempha. Wa katapila sanapumitse munthu, inu mukudziwa, anabwerabe kudzanyamula wailesi. Nayo MRA inatsegula mwayi woti amene anali ndi msonkho wotsalira akaulule okha, asalipitsidwe chindapusa. Wopanda nambala ya msonkho, ija amati TPIN, izi zinangomudutsa.

Tsopano ngongole za boma, zimene mumazifunsa kwambiri. Kale kunali MARDEF ndi YEDEF, zinaphatikizidwa kukhala MEDF, ndipo mu 2020 dzina linasintha kukhala NEEF. Mayina amasintha, koma chinthu chake n'chimodzi: ndi ngongole, ili ndi chiwongoladzanja, imabwezedwa. Ambiri anazitenga ngati mphatso ya chipani n'kungodya, ndipo ndi chifukwa chake masiku ano wopempha amafunsidwa mafunso ambirimbiri. Amafuna munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo, Mmalawi wa chiphaso, wokhala ndi geni yooneka ndi maso, ndi malo odziwika pomwe angamupeze. Kawirikawiri pamafunika chikole, kapena mulowe m'gulu. Za gulu ndikuchenjezeni: mukasainira limodzi, wina akathawira ku Joni, ngongole yake mubweza ndinu. Musalowe gulu ndi munthu chifukwa choti mumapemphera tchalitchi chimodzi. Lowani ndi amene munamuona akubweza ku banki m'khonde osachita kumulondola. Komanso dziwani kuti mabungwe obwereketsa amapatsana mbiri ya obwereka, ndiye ngongole imene munaithawa kwina ikakupezani kumeneko.

Eya mayi, ndamva, mukuti geni yooneka ndi maso aiona bwanji ngati madzi anakokolola zonse? Funso limenelo ndi lenileni. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope anatsikira ku Chilobwe ndi ku Manja, anthu anataya abale, nyumba ndi katundu usiku umodzi. Thandizo la nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, linafika m'makampu: ufa, nyemba, mabulangete. Anawerenga mabanja, kudzera m'makomiti a m'madera ndi mafumu. Matumba a makala amene anapita ndi madzi, makina osokera amene anakwiririka, zimenezo sizinali zoyamba kuwerengedwa, ndipo m'pomveka, panali maliro. Koma fumbi likatha, mabungwe akabwera kuti abwezeretse anthu pa geni, amafunsa umboni woti munalidi pa geni.

Umboniwo si chinthu chapatali. Matikiti a msika amene khonsolo imakudulirani tsiku ndi tsiku, inu mumakulungira mtedza kapena kuyatsira mbaula, amenewo ndi umboni. Sungani ngakhale limodzi pa sabata. Kope la masamba 40 lija, mulembemo tsiku, zomwe mwapikula, zomwe mwagulitsa, amene watenga pa ngongole. Pakutha pa mwezi mujambule masambawo ndi foni n'kutumizira m'bale wanu wa ku Lunzu kapena kumudzi pa WhatsApp, kuti kope likanyowa zithunzi zitsale. Ndalama za geni muzidutsitsako pa foni kapena ku akaunti, chifukwa kumeneko zimasiya mapazi. Za m'chitenje sizisiya.

Amene geni yakula, muli ndi okala, saluni, shopu ya zitsulo, mwina mwalembako mnyamata, inu pitani patsogolo. Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani TPIN ku Msonkho House, dulani laisensi ku khonsolo ku Chichiri. Ndikudziwa mantha anu, mukuti a msonkho akudziwani. Akudziwanidi. Koma ndalama zikuluzikulu, monga za pulojekiti yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono ya FInES imene World Bank inaikamo madola 86 miliyoni mu 2020, zimadutsa m'mabanki ndi m'mabungwe obwereketsa, ndipo kumeneko wopanda mapepala amabwerera pa khomo. Muyeze nokha chimene chikukupwetekani kwambiri.

Za Mtukula Pakhomo tisasokoneze. Imeneyo ndi ya mabanja osaukitsitsa opanda munthu wa mphamvu zogwira ntchito, agogo olera ana amasiye, odwala matenda a mgonagona. Bambo wa kabaza ngati inu simulowamo.

Chotsiriza, akuba. Mavuto akangogwa mafoni amayamba kulira: "Mwasankhidwa kulandira thandizo la boma, tumizani ya fomu." Ena amapempha nambala yachinsinsi ya pa foni. Boma silifunsa nambala yachinsinsi, ndipo dzina sililowa m'kaundula chifukwa mwatumiza ndalama ku nambala ya munthu. Safunsa anadya phula. Mukalandira uthenga wotere, aonetseni a khansala kapena amfumu musanadine chilichonse.

Tsono amene simu khadi yanu ili m'dzina la wina, kwezani mkono ndione. Eee, taonani, pafupifupi mzere wonse uwu. Inu mutsale tikamaliza, tigwirizane tsiku lopitira limodzi, aliyense ndi chiphaso chake. Bambo kumbuyoko, funsani, koma mukweze mawu.