Dzina Pansi pa Nkhani

Tabweranso, omvera athu, ndipo kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata amene akuphunzira utolankhani ku yunivesite. Walemba motere:

"Ndili chaka chachiwiri. Ndinatha masiku anayi ndikuthamanga ndi kope kufufuza za chisankho cha bungwe la ophunzira, koma nkhaniyo itatuluka m'nyuzipepala ya pasukulu, mkonzi anangolemba kuti 'Wolemba Mtolankhani Wathu'. Anzanga ovina pa TikTok akamadutsa aliyense amawaloza, ine palibe ondidziwa. Kodi ntchito imeneyi munthu angatchuke nayo?"

Achimwene, kutchuka kulipo, sindikunamizani. Bob Woodward ndi Carl Bernstein a nyuzipepala ya Washington Post anayamba kulondola nkhani ya Watergate, ya anthu amene anathyola ofesi ya chipani chotsutsa boma ku America, mu 1972, ndipo pofika mu Ogasiti 1974 pulezidenti wa dzikolo Richard Nixon anatula pansi udindo chifukwa cha nkhaniyo. Mpaka lero mayina a atolankhani awiriwa amatchulidwa m'makalasi ambiri a utolankhani. Ngakhale wa msinkhu wanu alipo. Theo Baker anali chaka choyamba ku yunivesite ya Stanford ku America pamene anayamba kulemba m'nyuzipepala ya pasukulupo, The Stanford Daily, chakumapeto kwa 2022, za zithunzi zokayikitsa m'mapepala a kafukufuku a mkulu wa yunivesiteyo, Marc Tessier-Lavigne. Ofufuza sanapeze kuti mkuluyo iye mwini anachita chinyengo, koma anati sanakonze zolakwika mmene zinafunikira, ndipo mu Julayi 2023 analengeza kuti akuchoka pampando.

Koma imvani inanso, ya nyuzipepala yomwe ija ya a Woodward. Mu 1980 Janet Cooke analemba za mwana wa zaka 8 amene ankabayidwa mankhwala ozunguza bongo a heroin. Anthu anagwidwa chisoni, apolisi anasakasaka mwanayo mumzinda wa Washington, osamupeza. Mu Epulo 1981 mayiyo anapatsidwa mphoto ya Pulitzer, yomwe ndi mphoto yapamwamba ya atolankhani ku America. Dzina lake litangomveka paliponse, anthu anayamba kuona kuti zimene ananena za maphunziro ake sizikugwirizana. Atamupanikiza ndi mafunso anavomera kuti mwanayo kunalibe, anangomupeka, ndipo mphotoyo inabwezedwa. Chikomekome cha mkuyu, achimwene.

Ine ndimaona choncho: dzina pansi pa nkhani n'chikole. Limauza wowerenga kuti ngati muli bodza umu, woti mumugwire ndi uyu. Tsiku limene mudzalakwitse chiwerengero cha mavoti, wolephera chisankho uja adzafika pakhomo la chipinda chanu atanyamula nyuzipepala, chala chili pa dzina lanulo. Mwina mkonzi wanu anakubisani dala chifukwa inali nkhani ya chisankho, mwinanso ndi ulesi chabe. Pitani mukamufunse, ndi ufulu wanu, ndipo sungani nkhani zanu zonse mufayilo poti podzafuna ntchito adzakufunsani zimene munalembapo. Dziwaninso kuti magazini ya The Economist, yomwe inayamba mu 1843, nkhani zake zambiri zimatuluka zopanda dzina la wolemba, koma alembi ake sagona ndi njala.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina, ndipo ndi yaifupi:

"N'chifukwa chiyani woimba wotchuka akangosiyana ndi mkazi wake mumaika patsamba loyamba, koma ophunzira akakhala miyezi osalandira zotsatira za mayeso nkhaniyo mumaiponya mkati mwenimweni?"

Mayi, apa mwatigwira pakhosi. Kusukulu ya utolankhani amatiphunzitsa ndithu kuti kutchuka kwa munthu ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapangitsa nkhani kukhala nkhani. Nduna ikaterereka pa masitepe timalemba, mlonda akaterereka pomwepo palibe amatulutsa cholembera. Kale mkonzi ankangoganizira zimene anthu angakonde, koma masiku ano pa intaneti kompyuta imamuonetsa anthu angati atsegula nkhani iliyonse, ndipo otsatsa malonda amatsata pomwe pali anthu. Sindikuikira kumbuyo akonzi, ena ndi aulesi basi, poti nkhani ya woimba imangofunika kukopera zimene walemba pa Facebook pamene ya mayeso imafuna kukadikirira pa benchi kunja kwa ofesi. Mukadzalembanso, mayi, mudzatiuze moona nkhani imene munayamba kutsegula pafoni yanu m'mawa wa tsikulo. Tipume kaye pang'ono, tikabwerako tiwerenga kalata yachitatu.