Makalata a omvera: malo amene asilikali anasiya

Takulandirani omvera athu nonse, tikukuyankhulani kuchokera kuno ku Lilongwe. Kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo ena okhala ku Kawale, amene paunyamata wawo anali a Payoniya, gulu la achinyamata la Malawi Young Pioneers lija. Alemba motere:

"Achimwene, mwezi watha ndinadutsa pa besi pomwe ndinaphunzira ukalipentala. Mtima unandiwawa. Malata anasasula kalekale, mafelemu a mawindo anazula, ndipo m'holo momwe tinkadyera nsima muli manyi a mbuzi okhaokha. Chikhalirecho adzukulu anga akungokhala pakhomo, alibe kophunzira ntchito zamanja. Kodi malo otere sangadzukenso?"

Zikomo kwambiri, bambo. Angadzuke ndithu, ndipo umboni tili nawo konkuno. Asilikali atalanda zida a Payoniya mu Disembala 1993, pa Operation Bwezani ija, mabesi ambiri anangotsala mabwinja. Koma pitani ku Nasawa ku Zomba, mukapeza koleji ya ntchito zamanja pamalo omwewo.

Ine nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku Philippines. Asilikali a dziko la America atachoka pa besi ya Clark mu 1991, phiri la Pinatubo litaphulika, anthu analowa n'kukokolola katundu, mpaka zitseko ndi mawaya amagetsi. Chaka chotsatira, 1992, asilikaliwo anachokanso ku Subic Bay. Kumeneko meya wa mzinda wa Olongapo, Richard Gordon, anamema anthu masauzande kuti adzipereke kulondera malowo. Ankatchetcha udzu, kusesa, kugona pa geti, osalandira kanthu. Makampani atabwera kudzaona anapeza nyumba zili zilili, ndipo lero Subic ndi doko la malonda lomwe limalemba anthu ambiri ntchito.

Ndiye bambo, malata anapita, koma makoma akadalipo. Njerwa zimenezo zisapitenso. Kambiranani ndi amfumu a kumeneko, nkhaniyi ilowe ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ya m'dera (ADC), kenako mukaonane ndi a DC. Mukafunse chinthu chimodzi poyamba: malowo ali m'manja mwa unduna uti? Ndikunena izi chifukwa malo aboma opanda mwini wooneka, mumangodzuka tsiku lina wina wamangapo mpanda. Ndipo inuyo, ndi luso lanu la ukalipentala, ndinu mphunzitsi woyamba wa ana amenewo.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yachokera kwa mayi ena a ku Area 25: "Kumudzi kwathu kuli bwalo lomwe ankaphunzirirapo kuwombera mfuti. Amayi a gulu lathu tikufuna tilimepo soya. Tingoyamba?"

Ayi mayi, chonde khasu lidikire kaye. Pamalo pomwe ankawomberapo pamatha kutsala zipolopolo ndi mabomba osaphulika, ndipo zimakhalabe zoopsa ngakhale zitachita dzimbiri zaka makumi atatu. Chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ana otola zitsulo zokagulitsa pa sikelo. Pemphani chilolezo kudzera kwa amfumu ndi a DC, ndipo mupemphenso kuti akatswiri achitetezo adzayendere bwalolo musanapange mizere. Mwana akapeza chitsulo chachilendo asachigwire, asachigende. Ikani chizindikiro chapatali, mukadziwitse apolisi tsiku lomwelo.

Mudzatilemberenso, mayi, kuti a DC akuyankhani zotani. Tidzawerenga pompano.