Tikukatani ku Dziko Loyera?

Zikomo a mlembi. Abusa athu, akuluampingo, amayi a Mvano, achinyamata, ndi inu abale a mipingo ina amene mwatiyendera lero, ndakulonjerani nonse m'dzina la Ambuye.

Andipempha kuti ndifotokoze za ulendo wa ku Dziko Loyera umene gulu lathu likukonzekera. Chilengezereni nkhaniyi, anthu akhala akundiimitsa pamsewu, ena kundiimbira foni, ndipo pempho limakhala limodzimodzi: "Aphunzitsi, mukatitengereko madzi a mu Yorodano. Nanga mafuta odzozera amagulitsa bwanji kumeneko?" Ndiye ndiyambire pomwepo, chifukwa tikapanda kumvana pamenepa, ndalama zathu tikangozitaya.

Mulungu sali pafupi ku Yerusalemu kuposa mmene alili m'tchalitchi chathu chino. Pa Yohane 4, Ambuye Yesu anamuuza mayi wa ku Samariya pachitsime paja kuti ikubwera nthawi imene kupembedza Atate sikudzadalira phiri lija kapena Yerusalemu. Agogo athu amene anatsogola osakwerapo ndege sanaperewere kalikonse m'chikhulupiriro chawo. Madzi a m'kabotolo sachiritsa munthu, ndipo wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama akakubweretsereni madalitso a ku Israel, ameneyo ndi wamalonda. Ife tikupita kukaphunzira. Zimene timawerenga m'Baibulo zinachitika pamalo enieni, a zitunda, fumbi ndi mitunda yoyezeka, ndipo ukawaponda ndi mapazi ako, mavesi amene unkangowadumpha amayamba kumveka.

Tengani nyanja ya Galileya. Tikamawerenga za namondwe pa Marko 4, ambirife timaganiza za madzi opanda malire. Ayi ndithu. M'litali ndi makilomita pafupifupi 21, m'lifupi 13 basi. Ife amene nyanja yathu imapitirira makilomita 500, tikaiona tiyesa dziwe lalikulu: utaima pagombe, tsidya linalo ukuliona bwinobwino. Koma nyanjayi ili m'dzenje. Yazunguliridwa ndi mapiri, ndipo madzi ake ali pansi ndi mamita oposa 200 kuyerekeza ndi nyanja yamchere ya Mediterranean. Mphepo ikatsika m'zigwa za mapiri aja imagwa pamadzi mwadzidzidzi, pamene panali bata n'kuwinduka nthawi yomweyo.

Mu 1986 kunagwa chilala, madzi anaphwera, ndipo asodzi awiri apachibale a ku Ginosar, mudzi wa m'mphepete mwa nyanjayi, anatulukira bwato lakale litakwiririka m'matope. Akatswiri atalipima anapeza kuti ndi la nyengo ya Yesu. Lasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale pa Ginosar pomwepo, ndipo tikaliona. Kutalika kwake ndi mamita 8, m'mimba mwake mamita awiri ndi pang'ono. Mukalipenyetsetsa muona kuti matabwa ake si a mtengo umodzi. Ndi ophatikizaphatikiza, kusonyeza kuti eni ake ankangoligamba chaka ndi chaka poti ndalama ya latsopano panalibe. Palibe amene akunena kuti ndi bwato la Petro. Koma mukaime pambali pake, muikemo m'maganizo amuna khumi ndi atatu usiku, mafunde akugavikira mkati. Mudzamvetsa chifukwa chake asodzi okulira pamadzi anafuula kuti tikufa.

Pafupi pomwepo pali Kaperenao. Mudzi wake unagwa kalekale, koma maziko a nyumba alipo: miyala yakuda yosasema, tizipinda tating'ono tothithikana, tinjira topapatiza. Makoma otere sakanasenza denga lolemera, ndiye ankayala mitengo, n'kuikapo nthambi, n'kumata dothi. Nkhani ya anthu anayi aja amene anasasula denga kuti atsitse mnzawo wopuwala, pa Marko 2, pamenepo ndi pamene imaoneka kuti inali yotheka ndi manja okha. Nyumba imene Akhristu oyambirira ankailemekeza kuti ndi ya Petro ili pansi pa tchalitchi chimene anachimanga mu 1990, chokhala pa mizati, ndipo umasuzumira pansi kudzera pagalasi. Ku Nazarete tikangodutsako theka la tsiku. Lero ndi mzinda waukulu wa Aarabu, wa magalimoto ndi masitolo, ndipo tchalitchi chachikulu chokumbukira uthenga wa mngelo kwa Mariya chinatsegulidwa mu 1969.

Tsopano za Yorodano uja. Amayi, konzekerani mitima, chifukwa ena akafika amakhumudwa. Pamalo otchedwa Qasr al-Yahud, pafupi ndi Yeriko, kumene mwambo wakale umati Yohane ankabatizirako, mtsinjewo ndi wopapatiza, wa madzi amatope, mabango mbali zonse. Tsidya linalo, mamita ochepa chabe, ndi dziko la Jordan, ndipo uku ndi uku kuli asilikali. Madzi anachepa chifukwa ambiri amapatutsidwa kumtunda kuti azithirira minda ndi kumwa. Kulinso malo ena otchedwa Yardenit, kufupi ndi Galileya, a madzi ooneka bwino ndi masitepe, koma amenewo anawakonzera alendo mu 1981, si kumene Yohane anali. Mukaona magulu a anthu ovala zoyera akumizidwa. Musatengeke. Ife tinabatizidwa kale, ndipo Aefeso 4 akutiuza za ubatizo umodzi. Tikaima pagombe, tikawerenga Mateyo 3, tikakumbukira malonjezo athu. Amene ali ndi funso pa zimenezi aonane ndi abusa tisananyamuke, osati tili m'mphepete mwa mtsinje.

Kuchoka pamenepo tikwera kupita ku Yerusalemu, ndipo mseu umenewu ndimaukonda kuposa malo ambiri omangidwa bwino. Yeriko ali pansi ndi mamita pafupifupi 250 kuyerekeza ndi nyanja ya Mediterranean ija, pamene Yerusalemu ali pamwamba ndi mamita oposa 750. Mtunda wake sukwana makilomita 30, koma chitunda chake ndi cha mamita 1,000. M'basi makutu amatseka. Kunja ndi chipululu chokhachokha, mapiri oyera opanda mtengo, ndi zigwa zakuya zokhotakhota mmene munthu angabisale osaoneka. Pamene Ambuye ankafotokoza za munthu wogwa m'manja mwa achifwamba pa Luka 10, omvera ankaidziwa njirayo, ankaiopa. Ndipo pa Luka 19, atachoka kwa Zakeyo, Yesu anakwera chitunda chomwechi wapansi, ali patsogolo, akudziwa chimene chikumudikira pamwambapo. Ndikapempha dalaivala kuti aime penapake, titsike, tiuone mtunda umenewo dzuwa likutiwotcha.

Betelehemu ali makilomita pafupifupi 10 kumwera kwa Yerusalemu, koma ali m'dera la Apalestina, West Bank. Pali khoma lalitali ndi chipata cha asilikali, choncho pasipoti isachoke m'thumba. Tchalitchi cha kubadwa kwa Yesu chinamangidwa koyamba m'nthawi ya mfumu Constantine, n'kupatulidwa mu 339, ndipo chimene chilipo lero anachimanganso mfumu Justinian m'zaka za m'ma 500. Khomo lake ndi lalifupi, mita imodzi ndi pang'ono, moti aliyense amalowa chowerama, kaya ndi bishopu kaya ndi nduna. Mkatimo mumaima pamzere, nthawi zina maola, kenako mumatsika masitepe oterera kulowa m'phanga lotentha ndi nyali ndi mpweya wa anthu. Pansi pali nyenyezi yasiliva ya nsonga 14. Umagwada kamphindi, wina ali kale kumbuyo kwako. Kodi Ambuye anabadwira pa nyenyezi penipenipo? Palibe angalumbire. Koma Akhristu a m'zaka za m'ma 100 ankanena kale za phanga la ku Betelehemu, ndiye mwambowu si wa dzulo.

Apa ndifuna tinene chilungamo, chifukwa chikhulupiriro sichiopa choonadi. Malo ena ndi otsimikizika. Nyanja ndi yomweyo, phiri la Azitona ndi lomwelo. Masitepe a thamanda la Siloamu, kumene wakhungu uja anakasamba, anatulukira mu 2004 anthu akukonza paipi ya zonyansa. Ku Caesarea, mu 1961, anafukula mwala wolembedwa dzina la Pontiyo Pilato ndi udindo wake. Malo ena ndi a mwambo. Njira ya mtanda, Via Dolorosa, ndi malo ake 14 oimapo, inakhazikika patapita zaka mazanamazana. Aroma anagumula Yerusalemu m'chaka cha 70, mzinda n'kumangidwanso pamwamba pa zigumukire, moti misewu imene Yesu anayendamo ili pansi pa imene tikapondeyo. Wotiperekeza akanena kuti "apa ndi pamene", musachite manyazi kufunsa kuti tikudziwa bwanji.

Nkhani imene imasokoneza kwambiri ndi ya manda, chifukwa akakuonetsani awiri. Oyamba ali m'tchalitchi chachikulu cha Manda Oyera, chimene chinapatulidwa mu 335. Lero chili pakati pa mzinda wakale, koma m'nthawi ya Yesu malowo anali kunja kwa linga, pamene kale ankaphwanyapo miyala, ndipo manda ena a nyengo imeneyo akuonekabe mkatimo. Akatswiri ambiri amati ngati pali malo oyenera kukhulupirika, ndi amenewa. Koma ife a mipingo yathu ino tikalowamo timasowa mtendere: mdima, utsi wa lubani, makandulo, anthu akupsompsona mwala, nyimbo za zilankhulo zingapo nthawi imodzi. Achiwiri ndi Garden Tomb, munda wabata wa maluwa ndi mipando, umene unatchuka Mngelezi wina, Charles Gordon, ataloza chitunda cha pafupi pake mu 1883. Ndi pokoma kupempherapo, ndipo mgonero wathu tikachitira kumeneko. Koma ofukula zakale amati manda amenewo anasemedwa zaka mazana angapo Yesu asanabadwe, pamene Uthenga Wabwino ukunena za manda atsopano. Choncho musakanyoze tchalitchi cha utsi chija chifukwa sichikufanana ndi chathu.

Ndipo mukafikako, ndikutengani padenga. Ambiri sakwerako. Pamwamba pa tchalitchicho pali tizinyumba tating'ono ta makomo aafupi, mmene mumakhala amonke a ku Ethiopia. Anthu akuda anzathu, ovala mikanjo yakuda, akupemphera m'chilankhulo chawo chakale. Tchalitchichi amagawana mipingo isanu ndi umodzi, ndipo iwiri mwa imeneyi ndi ya mu Africa muno: wa ku Ethiopia ndi wa Akoputiki a ku Egypt. Achinyamata, wina akadzakuuzani kuti Chikhristu ndi chipembedzo cha azungu, mudzamuuze za denga limeneli, za nduna ya ku Ethiopia ya pa Machitidwe 8, ndi za Simoni wa ku Kurene, dera la Libya lero, amene anasenza mtanda. Mipingo isanu ndi umodzi ija siikhala mwamtendere nthawi zonse, n'zomvetsa chisoni, ndipo kiyi wa chitseko chachikulu amasunga ndi mabanja awiri achisilamu kuyambira kalekale.

Dziko lija muli anthu amoyo, abale anga, ndipo ali ndi mabala. Ku Betelehemu kuli Akhristu achipalestina amene makolo awo akhala akupembedza kumeneko mibadwomibadwo. Ambiri amadya chifukwa cha alendo: amasema mitanda ya mtengo wa azitona, amayendetsa matakisi, amagwira ntchito m'mahotela. Nkhondo ya ku Gaza itabuka pa 7 October 2023, alendo anasiya kubwera, ndipo mabanja ambiri anavutika zedi. Ngati muli ndi kandalama kogulira mphatso, mukagule kwa iwowo, ndipo Lamulungu tikapembedze nawo limodzi. Ku Khoma la Kumadzulo, khoma lakale lotsala la bwalo la Kachisi ku Yerusalemu, mukapeza Ayuda akupemphera, amuna kwaokha akazi kwaokha; abambo mukavale kachipewa kamene amapereka pakhomo. Pamwamba pake pali mzikiti wa Al-Aqsa, malo opatulika a Asilamu. Ndife alendo. Mikangano ya ndale imene timamva pawailesi tisakaitsegule m'basi kapena pamsika. Tikamvetsere, tikapempherere onse amene aikidwa m'manda ndi amene atsala akulira, mbali zonse ziwiri. Tsiku lonyamuka tidzalitsimikiza pokhapokha titamva kuti njira ili bwino.

Za ndalama ndilankhula mosabisa. Ulendowu ndi wodula. Munthu asagulitse munda, asatenge katapila, asadye fizi ya mwana. Ndalama zonse zidutse ku akaunti ya mpingo ndipo mulandire lisiti. Musapatse munthu m'manja, ngakhale atavala kolala. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Tidzadzera ku Addis Ababa n'kukatera pa bwalo la Ben Gurion, pafupi ndi Tel Aviv, ndipo kumeneko amafunsa mafunso ambiri. Yankhani zoona, modekha. Ndiponso ngati pali wina akulembetsa ndi mtima wokathawa gulu kuti akasake ganyu m'minda ya kumeneko, achotse dzina lake lero. Akatero adzadziika m'mavuto, n'kutsekeranso khomo Akhristu ena amene akufuna kudzapita m'tsogolo.

Nsapato zikhale zophwathalala ndi zozolowera phazi, chifukwa misewu ya mzinda wakale ndi ya miyala yoterera. Zovala zibise mapewa ndi mawondo. Amayi, chitenje chisasowe m'chikwama. A BP ndi a shuga, mankhwala anu akhale m'chikwama cha m'manja. Kuyambira Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka madzulo ndi Sabata, ndipo kumbali ya Ayuda ku Yerusalemu masitolo amatseka, mabasi amaima.

Kuyambira sabata ya mawa, Lachitatu lililonse madzulo tizikumana muno kuwerenga Marko, mutu ndi mutu, mapu atapachikidwa pakhomapo. Opita ndi otsala, nonse mubwere ndi Baibulo ndi cholembera. A mlembi, tilandire mafunso tsopano. Tiyambe ndi amayi akweza dzanja kumbuyoko.