Kuyala mapulaneti pabwalo la sukulu

Eya aphunzitsi, funso lanu lija la mmene mungasonyezere kukula ndi kutalikirana kwa mapulaneti pabwalo, mwana aliyense akuimira pulaneti limodzi, ndalimva. Ndiye tengani mpira, mpira wamiyendo wamba uja, muuike pagolo. Umenewo ndiye Dzuwa. Dziko lathu liima pa... ayi dikirani, ndiyambe ndi kukula. Dzuwa, kuchoka mbali ino kufika mbali ina, mungandandalikepo maiko ngati lathuli okwana 109. Ndiye Dzuwa likakhala mpira, Dziko ndi kanjere ka mawere. Kanjere, osati lalanje. Mukamate pakapepala kolimba kasatayike.

Tsopano mtunda. Apa mumvetsere bwino, chifukwa kwathu ku Chawama, mu Lusaka, mpamene zinasokonekera. Ana akaona mpira amaunjikana pompo, wina apa wina apa, motalikirana mofanana ngati pachithunzi cha m'buku, kalasi yonse n'kuthera kutsogolo kwa golo. Bwerekani tepi kwa amisiri. Mercury mamita 9 kuchokera pampira. Venus 17. Dziko 24. Mars 36. Mwamva? Dziko 24. Mamita 24 amenewo akuimira makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ulendo umene kuwala kumayenda mphindi 8 ndi kanthu. Ndiye poyeza, yambirani pampira nthawi zonse, osati pamwana amene waima kale. Ndibwereze, pampira. Mukayambira pamwana, Mars apezeka kutali kosayenera.

Kenako Jupiter, kamwala ka masentimita 2, mamita 123. Apa bwalo latha kale. Saturn 225. Neptune 710, ameneyo atuluka pageti, ndiye apite ndi munthu wamkulu, mukudziwa mmene maminibasi amathamangira.

Oho, china. Ana mukawauza za Dzuwa amayamba kukweza maso. Aletseni ndithu. Mukukumbukira kadamsana wa pa 21 June 2001, Lusaka yonse itachita mdima cha m'ma 3 koloko masana? Anthu anachenjezedwa kuti asayang'ane popanda magalasi ake a kadamsana. Mnyamata wina wa m'komboni mwathu anati iye ndi dolo, anavala magalasi akuda a pamsika n'kumayang'anitsitsa Dzuwa lisanaphimbike lonse. Pambuyo pake ankadandaula kuti akuona kadontho pakati pa chilichonse, kuwerenga kunkamuvuta. Magalasi a pamsika sateteza, ngakhale muphatikize awiri.

Uranus, aa, Uranus ndi pafupifupi 450, pakati pa Saturn ndi Neptune. Ndipo mwana wa Neptune anyamule nsalu yokupiza, chifukwa kufuula sadzamumva.